Nkhungu Yanga ndi Nkhungu Zanu

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko?

Ine kuno ku Kanada ndilipo, Mulungu akusunga. Chisanu chatha, ngakhale kuti kuno sichitha ndi mtima wonse. Chimatsanzika lero, mawa n'kubwereranso ngati mlendo woiwala chipewa. Lero ndi Lamlungu, mdzukulu wanu Zainabu ali kwa bambo ake ku Mississauga, ndipo m'nyumba muno mwangoti zii, phokoso ndi la firiji lokha. Lamlungu ndilo tsiku lomwe ndinkagula khadi ya foni pakasitolo ka pansipa n'kukuimbirani. Mpaka pano ndikamadutsa pamenepo miyendo imafuna kukhota yokha, ndiye lero ndati ndingokhala pansi ndikulembereni.

Ndiyambe ndi za kwathu, poti ndikudziwa kuti mukanayamba kufunsa zimenezo. Alamu anga, akazi a achimwene a Yusufu, anachira bwino mu Janyuwale. Ndi mwana wamkazi, ndipo amutcha Patuma, dzina lanu. Akuti anatenga chipumi chanu, komanso akachedwa kumuyamwitsa mudzi wonse umadziwa. Ine ndinati pamenepo ndiye palibe chokayikitsa. Mpunga kumunda kwanu wachita bwino, kungoti mbalame zadyako mbali ya kumtsinje, chifukwa palibe amene amakuwa ngati inu. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa awiri, mmodzi anafa. Denga la kukhitchini linayamba kudontha, achimwene analikonza mwa iwo okha, ndiye likudontha malo ena tsopano.

Kuno ku Scarborough zovuta zake ndi zazing'ono. Chikepe cha nyumba yathu chinafa sabata yathunthu, tinkakwera masitepe ndi majumbo m'manja mpaka mawondo kulira. Mpiru womwe ndinadzala m'mabigiri pakhonde wamera, koma ndi wowonda, ukusowa dzuwa la kwathu. Zainabu watalika, nsapato zikumuthina mwezi ndi mwezi. Chichewa amamva ndithu, koma kuyankha amayankha m'Chingerezi, ndipo ndikamukalipira amandiyang'ana ngati ndikuimba nyimbo.

Tsopano nkhani imene yandikhazika patebulo pano. Achimwene aika sadaka yanu ya chaka kumapeto kwa Juni, akamaliza kumweta mpunga. Imeneyo ndi nthawi yomwe sitima yathu imanyamuka kupita kunyanja yaikulu ya kum'mawa kwa dziko lino, chifukwa ndiyo nyengo ya nkhungu. Sindingakhale konse kuwiri. Ndikakwera sitima, ndataya achimwene. Ndikabwera kumudzi, mwina ndataya ntchito. Miyezi iwiri yathunthu ndakhala ndikutembenuza nkhaniyi ndekhandekha, pabasi, pasitima ya pansi pa nthaka, pochapa mbale, popanda womuuza.

Ndikufotokozereninso ntchito yangayi, poti tsopano simungandidule pakamwa. Chipangizo chathu ndi chachitsulo, chachitali ngati munsi, ndipo ine ndimangochitcha munsi basi. Anzanga onse a kuntchito anatengera dzinali, ndicho Chichewa chokha chimene amadziwa. Kunsonga kwa munsiwo timaikako timinga ting'onoting'ono, tochepa kuposa njere ya mpunga. Kena kamamva kuzizira ndi kufunda kwa madzi. Kena kamamva madzi akamatakasika, ngakhale kutakasika kochepa kosaoneka ndi maso. Munsiwo timauponya m'nyanja chamutu, umamira wokha pang'onopang'ono, uku ukutumiza zonse zimene timinga tamva kudzera pachingwe mpaka pakompyuta. Chifukwa chake n'chakuti madzi a pamwamba amakhala ofundirako, apansi ozizira, ndipo mphepo ndi mafunde zikawatakasa, ozizira aja amakwera. Mpweya wachinyezi ukadutsa pamwamba pa madzi ozizirawo umasanduka nkhungu, yoti munthu suona mnzako ali pafupi. Asodzi amasochera, sitima zimagundana. Akuluakulu anga akufuna kudziwa kuti madzi amatakasika motani nkhungu isanagwe, kuti tsiku lina azitha kuchenjeza anthu nthawi ilipo.

Timingato ndimapanga ndine. Ndimakhala pagalasi lokuza zinthu, kaguluu kali kunsonga ya singano, mpweya nditaugwira kuti dzanja lisagwedere. Kuona maso a nkhono n'kudekha, munkatero ndikamasankha mpunga mothamanga kuti ndikasewere. Mukanaona mmene ndadekhera masiku ano mukanati anakusinthirani mwana. Kaminga kalikonse ndikamaliza ndimakayesa m'thanki ya madzi oyenda, kuti tidziwe ngati kakunena zoona. Koma panyanja timinga timathyoka kawirikawiri. Munsi ukangogunda m'mbali mwa sitima, basi kaminga kafa. N'chifukwa chake wotipanga amayenera kukhala pasitima pomwepo.

Mukukumbukira tsiku loyamba kukuuzani? Ndinati, “Amayi, ndapeza ntchito yoyeza nkhungu ya panyanja.” Inu munaseka mpaka kutsokomola. “Kani azungu nawonso amadya nkhungu?” Munamva nkhungu zathu zija, tizilombo touluka timene timatuluka m'nyanja ngati utsi, timene tinkakola ndi lichero lonyowa n'kuumba timitanda ta ndiwo. Ndinati ayi Amayi, ndikunena nkhungu ya m'mawa ija, chifunga. Inu munati, “Chifunga angayeze ndani? Adzachiika m'chiyani? Usamandinamize, ndine wamkulu.” Kwa inu zinali zomveka kuti munthu alipidwe chifukwa cha chinthu chodyedwa, osati chifukwa cha chinthu choti dzuwa likatuluka chathawa. Ndinayesa kangapo, khadi ya foni n'kuthera pomwepo. Ine ndinkati nkhungu ya, inu munkati nkhungu za. Mudzi wonse munauuza kuti mwana wanu ku Kanada ndi mkulu wa nkhungu, mpaka anthu ankakufunsani mtengo wake wa kuno. Pomaliza ndinagonja. Mukandifunsa kuti, “Zagwa zambiri chaka chino?” ndinkayankha kuti, “Yagwa yambiri, Amayi,” aliyense n'kukhutira ndi yake.

Chimene simunasekepo ndi sitima. Nyanja inakutengerani mlongo wanu muli mtsikana, ndipo simunaikhululukire. “Pamadzi palibe nthambi yogwira,” munkatero nthawi zonse ndikamatsanzika. Ndinkakuuzani kuti sitima yathu ndi yaikulu kuposa mzikiti wa kwathu, inu n'kuyankha kuti nyanja sidziwa zimenezo.

Tsiku limene munatisiya ine ndinali pakati pa nkhungu, osadziwa kanthu. Tinali kumbuyo kwa sitima, tikuponya munsi kuyambira m'mawa, zovala zitanyowa ngakhale kunalibe mvula. Kulibe kumwamba, kulibe pansi, zonse zoyera, lipenga la sitima lokha likulira pafupipafupi kuti ena atimve. Mawu a achimwene anadzera kwa bambo a Zainabu, kenako kuofesi, kenako pasitima. Pamene woyendetsa sitima ankandiitana kuti andiuze, n'kuti inu mutagona kale m'manda masiku awiri. Chakudza sichiimba ng'oma, inde, koma ine chinandipeza chitadutsa kale. Panalibe ndi mmodzi yemwe pasitimapo wodziwa dzina lanu. Anandipatsa tiyi, anandigwira paphewa, n'kundisiya, chifukwa kuno ndimo amalemekezera wolira. Ndinalira ndekha m'kachipinda kopanda zenera, ndikulakalaka azimayi a kwathu oti angokhala nane pamphasa.

M'mawa mwake ndinabwerera kuntchito, poti sitima sibwerera chifukwa cha munthu mmodzi. Lamulo la munsi ndi limodzi, Amayi: chingwe chizikhala chokhwefuka. Ukachikoka ngakhale pang'ono, timinga timamva kunjenjemera kwa sitima ndi kwa dzanja lako m'malo momva madzi. Ndiye ntchito ya woponya ndi kutaya chingwe mofulumira kuposa mmene munsi ukumirira. Tsiku limenelo zala zanga zinkakana. Madzulo abwana anga, mayi wachizungu wa imvi amene amatsogolera kafukufukuyu, anayang'ana pakompyuta n'kunena modekha kuti za lero tingotaya, muli phokoso lambiri. Sanafunse kuti phokosolo lachokera kuti, ndipo ine sindinanene.

Titafika kumtunda, sadaka ya masiku atatu inali itapita kale. Ya arubaini, ya masiku makumi anayi ija, inandipeza ndikudikira mapepala anga a kuno, omwe nthawi imeneyo sankandilola kutuluka m'dziko. Chaka chino mapepala ali bwino, ndilibenso pobisala.

Achimwene anaimba mu Malichi. Sanakalipe, ndipo ndicho chinandiopsa. Analankhula motsitsa ngati mmene ankachitira bambo. Anati, “Iwe Asiyatu, maliro sunaone, arubaini sunabwere. Anthu akundifunsa ngati mayi anabereka ine ndekha. Ngati ndi nkhungu, zili konkuno, dzana lomweli zagwa. Ukapanda kubwera ulendo uno, usadzavutikenso n'kundiimbira.” Ndinafuna kuwafotokozera za ya ndi za, koma ndinaona kuti si nthawi yake.

Abwana nawo sanabise. Anati malo pasitima ndi ochepa, ndikapanda kupita atenga wina, ndipo amene wapitayo ndi amene adzapitirize nawo ntchito chaka chamawa. Sananene mwankhanza, ndi mmene zilili basi. Inu mukudziwa kumene ndinachokera. Zaka zija ndinkasambitsa nkhalamba za eni, satifiketi yanga ya zamagetsi ili m'sutikesi, msana ukuwawa. Ntchito iyi ndiyo inandibwezera ulemu, ndipo ndimaikonda, sindikubisirani. Ndikamva kaminga kopangidwa ndi manja anga kakutumiza mawu kuchokera pansi pa nyanja, mtima wanga umadumpha ngati wa mwana.

Ndinayesa kufunsa Zainabu tikudya. Ndinati, “Mwana wanga, tipite kwa agogo mu Juni?” Anandiyang'ana modabwa n'kuti, “But Agogo is dead, Mom.” Sanalakwe. Ndinasowa poyambira kumufotokozera kuti kwathu munthu akafa timapitabe kwa iye, ndiye ndinangomuuza kuti amalize kudya.

Zinali choncho mpaka Lachitatu lina, pafupifupi masabata awiri apitawo. Mukuwakumbukira a Rajabu, mwana wa a shehe a kumsika uja, amene amagulitsa magalimoto akale ku Oshawa? Akazi awo anandiimbira, mawu ali onyowa ndi manyazi. Anati, “Amake Zainabu, mutikhululukire. Timadifrosta firiji yathu yaikulu, kusungunula madzi oundana aja, ndiye pansi penipeni tapeza kaphukusi kanu. Bambo a kunyumba kuno anabwera nako chaka chatha kuchokera kumudzi, koma anatsalira ku Joni pa za bizinesi, pofika kuno inu munali mutapita kale kunyanja. Ndiye ine ndinangokafriza kuti kasaonongeke. Kenako tinamva za maliro, kenako mutu wangawu... pepani, achemwali.” Ndinafunsa kuti kachokera kwa yani. Anati kwa inu, Amayi.

Loweruka ndinakwera sitima ya pamtunda ya ku Oshawa. Njira yonse ndinkayang'ana pazenera, nyanja ya kuno ili kudzanja lamanja, yotuwa, yopanda ndi bwato limodzi lomwe. Ndinkaganiza kuti mwina ndi mpunga, mwina usipa. Atandipatsa ndinazindikira kansalu ka kunja, kachidutswa ka chitenje chanu chobiriwira chija. M'kati munali jumbo, m'kati mwa jumbo masamba a nthochi akuda ndi kuzizira. Nditafunyulula ndinapeza kamtanda ka nkhungu, kakuda, kolimba, kokwana m'chikhatho. M'mbali mwake munali modinda zala zinayi, mmene munkafinyira poumba.

A Rajabu anakhala moyang'anana nane, manja ali pamawondo. Anati, “Mayi anu ndinawapeza pakhonde, akupuma movutika kale. Alamu anu anandiuza kuti dzulo lake nkhungu zitagwa, mayi anadzuka pamphasa, ananyowetsa lichero, anakana kuti wina awathandize. Akuti anakupiza mpaka anakhala pansi. Ndiye pondipatsa anati, ‘Ukamuuze Asiyatu kuti nkhungu ndi izi. Ayeze zimenezi ali pamtunda. Asakwerenso sitima ija.’ Ndinalonjeza, achemwali. Paeyapoti ndinakabisa m'sokosi, ndikutuluka thukuta ngati ndanyamula chamba.” Anafuna kundiseketsa, ndipo ndinaseka ndithu, koma kusekako kunathera kwina. Akazi awo anadzakhala pafupi nane pansi, n'kundigwira. Aka kanali koyamba, chimwalirireni inu, kuti munthu wa kwathu akhale nane pansi ndikulira.

Amayi, inu mukudwala chonchija munaganiza kuti vuto langa ndi kusowa nkhungu. Munaona kuti mwana wanu akuika moyo pamadzi chifukwa cha tizilombo tomwe kwanu timagwera pakhomo, ndiye munati ndimuthandize. Ndakwiyira a Rajabu, ndakwiyira firiji, ndakwiyira ndege ya ku Joni. Komanso ndikudziwa kuti kakanandipeza nthawi yake ndikanaseka, ndikanakuimbirani kukunyogodolani, n'kukwerabe sitima.

Lolemba ndinapita nako kuntchito. Munati ndiyeze, ndiye ndinayeza. Ndinakaika pasikelo yathu yaing'ono yoyezera guluu, ndinakayeza m'litali ndi m'lifupi, kenako ndinanyemako pang'ono n'kuika pagalasi lokuza lija. Ndinaona timapiko, timiyendo, timaso tosawerengeka. Pakati pake panali tsitsi limodzi la imvi, lopotana, litaumbidwira momwemo. Ndinakhala pamenepo nthawi yaitali osagwira kanthu, guluu n'kuumira pasingano.

Abwana atadutsa anafunsa chimene ndikuyang'ana. Ndinawasendera, anasuzumira, ndipo ndinawafotokozera zonse, za ya ndi za, za lichero, za sokosi ya a Rajabu. Kenako ndinawauza kuti chaka chino sindikwera sitima, ndikupita kwathu. Mawuwo anatuluka okha, sindinawakonzekere. Anavula magalasi awo, kenako anati akumvetsa, koma sangandilonjeze kanthu za chaka chamawa. Ndinati ndikudziwa. Anapempha kuti ndisanapite ndipange timinga tambiri tapadera toti wolowa m'malo mwanga anyamule, ndipo ndayamba kale. Dzanja likugwira bwino, ngakhale mtima umawawa ndikaganiza kuti tidzamira m'nyanja ine kulibe.

Madzulo ake ndinaphika kachidutswa ka nkhungu zanu ndi tomato ndi mchere, mmene munkachitira. Fungo lake linadzaza nyumba yonse. Zainabu anasuzumira mumphika, anakwinya mphuno, n'kuthawira kuchipinda. Sindinamukakamize. Ndinadya ndekha nditaimirira kukhitchini, pang'onopang'ono, chifukwa ndinkadziwa kuti ndi ndiwo zomaliza zochokera m'manja mwanu. Zinali zowawirako chifukwa chokhalitsa mufiriji, koma ndinanyambita mbale. Chotsalacho ndachikulunganso m'chitenje chanu, sindinaganize chochita nacho.

Dzulo ndinawaimbira achimwene. Ndinati ndikubwera, ndi Zainabu yemwe. Kumbuyo ndinkamva Patuma wamng'ono akulira, ndi tambala. Kenako anakonza kukhosi n'kuti, “Ubwere ndi jekete. Juni kuno kumazizira.” Tangoganizani, Amayi, kuuza munthu wa ku Kanada za jekete! Ndinati chabwino achimwene, ndibwera nayo. Foni sanaike msanga.

Sindikudziwa chimene ndidzapeze pobwerera kuno. Mwina ndidzabwerera pagalasi langa, mwina ndidzabwerera kosambitsa nkhalamba. Ndikuopa, ndipo palibe wina woti ndimuuze kuti ndikuopa kupatula inu. Masiku ena ndimadzuka nditatsimikiza kuti ndachita bwino, masiku ena ndimadzitcha chitsiru. Koma tikiti ndagula, ndipo yosabweza.

Ndidzafika mpunga usanapunthidwe wonse, kuti ndidzathandize kuphika sadaka yanu ndi manja anga. Ndidzawapempha achimwene andiperekeze mpaka pamene akazi timalekezera, andilozere pomwe mwagona. Ndidzaima pamenepo ndi mdzukulu wanu, ndipo ndidzakuuzani ndi pakamwa zonse zimene ndinapeza nditayeza nkhungu zanu. Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani kuposa mmene pepalali lingakwanire. Musade nkhawa ndi ulendo wanga. Ndikubwera pandege, sindidzera pamadzi.

Ndine mwana wanu,
Asiyatu